Norb Akagwa Musamudzutse

Milwaukee, 3 Febuluwale 1986

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achimwene anga a Norb. Ine kuno ndili bwino, kungoti lamya ya m'nyumba mwathu anaidula, poti mnzanga wina wokhala naye ankaimbira chibwenzi chake ku Texas ngati kuli kuseri kwa nyumba. Muzingondilembera.

Kusukulu atiuza kuti aliyense apange kanema wamfupi chaka chisanathe, ndipo ine mutu wake ndaupeza kale. Musayembekezere wachikondi wothera pa ukwati. Wanga alibe nkhani, alibenso olankhula. Ndi wa nyimbo za panki, zija munazimva m'chipinda changa pa Khirisimasi n'kufunsa ngati makina ochapira afa. Lamulungu lililonse masana timachita lendi holo ya asilikali akale, kunsi kwa bala lawo la mowa, mabandi n'kumaimba. Anzanga ali ndi bandi yotchedwa Nyama ya Lachisanu, koma izi musawauze abambo mfumu, poti Lachisanu ndi tsiku losala nyama. Woimba wake ndi Tish, mtsikana wamfupi kuposa ine, koma akakuwa mumamvera m'mano.

Kutsogolo kwa oimba kuli malo amene timati dzenje. Si lokumba ayi, ndi pansi pomwepo, koma m'menemo anthu amagundana ndi mapewa, kukankhana, kuponyana uku ndi uku. Sabata yatha mnyamata wina anatulukamo mphuno itapindika, magazi ali chuchuchu pa malaya, iye akuseka. Mutaona mungati akuphana. Koma muli lamulo limodzi limene palibe amaliphwanya: munthu akagwa, amene ali pafupi amamudzutsa nthawi yomweyo, ngakhale akhale yemwe wamugwetsayo. Munthu sagona pansi m'dzenje.

Ndiye ine ndikufuna chimene palibe anachionapo, dzenje loonera pansi, miyendo ikudutsa pamwamba pako. Pakufunika munthu wathupi woti ndimumangirire kamera yaing'ono pachifuwa, alowe, agwe chagada, akhale pomwepo. Anzanga onse kuno ndi owonda ngati mipini ya matsache. Amayi, ndibwerekeni a Norb Lamulungu limodzi lokha. Chitsekereni fakitale ya mapepala angokhala pakhomo, mphepo ya m'tauni iwachitira bwino.

Mwana wanu,
Renata

Rosholt, 10 Febuluwale 1986

Mwana wanga Renata,

Kalata yako ndalandira. Kuno tili bwino, chipale chafika m'mawindo, ndipo mawa ndikazinga madonasi athu aja poti Lenti ikuyamba Lachitatu. Ako ndidya ndine.

Zambiri za m'kalata yako zangondidutsa pamutu. Ndatolamo ziwiri: kuti anzako amanyoza Lachisanu, ndi kuti pali ntchito ya kanema yofuna mwamuna wamphamvu. Choyambacho ndachisiya m'manja mwa Mulungu. Chachiwiricho ndachikonda, chifukwa mchimwene wako akangokhala manja amamuyabwa.

Iwe unali kutali, sunaone zimene mchimwene wakoyo anamuchita mwana wa a Zblewski ku bala kuja. Ine ndinamuona mnyamatayo ku khoti, nsagwada atazimanga ndi waya, akulankhula ngati waluma chingwe. Amayi ake tikukhalabe benchi limodzi ku tchalitchi, koma pa nthawi yopatsana moni wa mtendere dzanja langa amalidumpha. Woweruza sanapsatire: Norbert akangokwezanso dzanja pa munthu, kaya wayamba ndani, alowa ndende zaka ziwiri. Ngakhale kutuluka m'boma lino sangatuluke popanda chilolezo cha a Dombeck, omuyang'anira aja a ku khoti. Ndapita ndekha kwa a Dombeck nditavala chikhoti changa cha ku maliro, n'kuwauza kuti mwana wanga wa ku koleji wamupezera mchimwene wake ntchito yonyamula makamera. Avomera. Za dzenje sindinatchule, poti ngakhale ine sindikuzimvetsa.

Dzulo ndinamugwiritsa kolona wa malemu bambo ako, n'kulumbira kuti sakhudza munthu. Renata, ndakubwereka mwana wanga ali wamphumphu komanso ali mfulu. Undibwezere chimodzimodzi.

Amayi ako

Rosholt, 14 Febuluwale 1986

Iwe Renata,

Moni. Ine ndili bwino. Amayi auza tauni yonse kuti ndikupita kukakhala wa m'kanema, moti abambo mfumu andifunsa ngati ndidzawakumbukire ndikatchuka. Ine kalata yako ndaiwerenga bwinobwino, ndipo ndaona kuti ntchito yake ndi yogona pansi anthu n'kumandiponda. Palibe vuto. Ku fakitale zinali chimodzimodzi, kungoti kunalibe nyimbo.

Funso langa ndi ili, a namatetule. Wanena wekha kuti munthu akagwa amamudzutsa. Nanga ine ndigona bwanji? Ndipo ndidziwa bwanji kuti zatha?

Norb

Milwaukee, 24 Febuluwale 1986

Achimwene,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino, ndiponso kuti kuwerenga simunaiwale. Mubwere Loweruka pa 8 Malichi, tidzajambula mawa lake.

Funso lanu ndalikonza kale. Masabata awiri apitawa ndakhala ndikuimirira pa nsanja bandi isanayambe, n'kumauza holo yonse kuti pa tsikulo kubwera chimunthu chachikulu cha kamera pachifuwa, chikagwa pasapezeke wochidzutsa. Ndawauza kuti mudzakuwa, mudzagubuduka, mwina mudzatuluka magazi, koma zonsezo ndi za kanema. Magaziwo ndakonza ndekha ndi manyuchi ndi utoto wofiira wa makeke, mudzawaika m'kamwa. Ndawalawa, ndi okoma kuposa khofi wa Amayi.

Sizinavomerezeke mosavuta. Duane, amene amakhala pakhomo kulandira anthu, anandiuza kuti ndapenga, lamulo limenelo ndi lokhalo lomwe limasiyanitsa dzenje ndi nkhondo. Tish anakhala masiku osandilankhula. Ndinawauza kuti iwo ndi amene amaimba zoti malamulo onse aphwanyidwe, ndiye lero aope lawo lomwe? Pamapeto pake anavomera. Aphunzitsi anga, a Halvorsen, akuti maganizowa ndi olimba mtima kuposa a wina aliyense m'kalasi, ndipo sindikubisirani, ndinayenda tsiku lonse mapewa ali m'mwamba.

Ine ndidzakhala pa nsanja pafupi ndi ng'oma, ndi kamera yachiwiri. Zikakwana ndidzakweza dzanja, Tish asiya kuimba, anthu akudzutsani. Inu muzingoyang'ana dzanja langa, musadzuke nokha.

Chimodzi chokha musawauze Amayi. Kuli anyamata ena ometa mpala, ovala jombo za chitsulo kumphuno, amene amabwera mwa apo ndi apo kudzasaka ndewu. Mwezi watha anamugwira mnyamata wina poimika magalimoto, anamukwapula ndi tcheni cha njinga mpaka khutu linatsala lende. Kuyambira pamenepo Duane amakhala pakhomo ndi chibonga chomenyera mpira, ndipo anyamatawo sanaonekenso. Ndangokuuzani kuti mukamva anthu akuwatchula musadabwe.

Mlongo wanu,
Renata

Milwaukee, 10 Malichi 1986

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. A Norb atsalira kuno masiku angapo, ntchito sinathe. Muwauze a Dombeck. Ndilembanso.

Renata

Rosholt, 11 Malichi 1986

Renata,

Moni sindipereka wambiri chifukwa mtima uli m'malere. Dzulo ndinadikira basi pa sitolo ya mankhwala mpaka mapazi anachita dzanzi, Norbert sanatsike. Lero chimodzimodzi. A Dombeck aimba kawiri, ndawanamiza kuti wagwidwa chimfine, ine mayi wa gulu la Legio ku tchalitchi, m'kati mwa Lenti. Ngati wamenya munthu undiuze, ndiyambe kupempha Mulungu zoyenera. Ngati ali ku mowa umukweze basi ndi khutu. Lamya yanu yodukayo ikundipsetsa mtima.

Amayi ako

Rosholt, 20 Malichi 1986

Renata,

Ndafika bwino kunyumba. Kakalata kako ka mizere iwiri ndakapeza m'bokosi, kakundiuza kuti ntchito sinathe. Unakalemba mchimwene wako ali pa tebulo la madokotala atamung'amba pamimba. Chikhala kuti a kuchipatala sanandiimbire okha Lachitatu lija, bwenzi ndikudikirabe basi.

Khofi limene ndinakumenya m'khonde la chipatala sindikupepesa. Dzanja likundiwawabe, ndipo ndikuthokoza.

Unaima pakhomo pa chipinda, sunalowe, ndiye ndikuuze zimene sunafune kuona. Nthiti zathyoka mbali zonse. Kapamba anaphulika, amuchotsa. Pamsana ndi pantchafu pali zidindo za nsapato, moti ukhoza kuwerenga mizere ya kuphazi kwake. Nkhope sindinaizindikire, ndinamudziwira chipsera cha pachala chimene anadzicheka ali mwana. Diso lakumanzere adokotala ayesetsa, koma lapita.

Manja ake okha ndiwo alibe bala. Ndinawatembenuza kuwiri konse, pa mfundo za zala palibe ngakhale kakusupuka. Wapolisi anandiuza kuti aliyense amene anamufunsa akuti munthu wamkuluyo sanabwezere ngakhale kamodzi, ndipo a Dombeck akuti ndende kulibe. Anandiuza ngati nkhani yabwino. Ndinamulumbiritsa ndine pa kolona, ndiye mtolo wanga ndikuudziwa, sindikufuna wondithandiza kuusenza. Koma wako usenza wekha.

Unandilembera kuti kumeneko munthu sagona pansi. M'holo munali anthu odzaza, ana a anthu, obatizidwa ena a iwo. Anaima bwanji n'kumaonerera? Kuchipatala unangolira, ndipo misozi sinandiuze kanthu. Tenga cholembera undiuze zonse. Pasaka usabwere.

Amayi ako

Milwaukee, 24 Malichi 1986

Amayi,

Ndalandira kalata yanu. Sindikufunsa za moyo wanu chifukwa ndikudziwa mmene ulili. Ndilemba mmene zinayendera.

Tinayamba bwino. Ndinawamangirira a Norb kamera ndi malamba, anthu akuwaseka, iwo akuwaseka anthuwo tsitsi. Bandi itayamba analowa m'dzenje, anagundana nawo pang'ono manja ali kumbuyo, kenaka anadzigwetsa chagada monga tinapangana. Anthu anachita zimene ndinawauza. Ankawadumpha, kuwazungulira, palibe anawerama.

Ometa mpala aja, amene ndinawabisa kwa inu, sanadzere pakhomo pa Duane. Anadzera m'bala la kumwamba n'kutsika masitepe a kumbuyo. Iwo sanamve zimene ndinalengeza masabata onse aja. Chimene anaona ndi chimunthu chili gone pakati pa dzenje, holo yonse osachidzutsa. Kwathu kuno zimenezo zili ndi tanthauzo limodzi lokha, kuti munthuyo alibe mwini, anthu amutaya.

Woyamba anangowagunda ndi jombo m'nthiti, ngati akuyesa, n'kuyang'ana uku ndi uku. Palibe anamuletsa. Ndiye anabwera onse. Ankaponda ndi chidendene, kusinthana, wina anagwira mapewa a anzake awiri kuti adumphe bwino n'kutera pamimba. A Norb anakuwa. Anthu anafutukuka n'kupanga bwalo, ena akuomba m'manja, poti ankayesa kuti anyamatawo ndawalemba ganyu ndine. Magazi atatuluka m'kamwa ena anaseka. Mnyamata wina wotchedwa Curtis anawerama kuti awakoke a Norb, koma mnzake anamugwira kolala n'kumuuza kuti, "Musiye iwe, uwononga kanema wa Renata." Curtis wandiuza yekha mawu amenewa, ndipo chichokereni tsikulo sakugona.

Amene anazindikira ndi Tish. Anasiya nyimbo pakati, ananyamula chitsulo choimikira maikolofoni n'kudumpha nacho pa nsanja, chinakatera pamutu pa mmodzi wa ometa mpala aja, khungu linang'ambika mpaka pachipumi. Apo ndiye holo yonse inadzuka. Duane anabwera ndi chibonga chake n'kuthyola mkono wa wina, ndinaumva kulira kwake ngakhale panali phokoso. Mipando inauluka, mabotolo anasweka, mtsikana wina anataya mano akutsogolo. Ometa mpalawo anathawira komwe anadzera akukoka mnzawo. Apolisi anafika zonse zitatha.

Eni holo atithamangitsa, Lamulungu kulibenso nyimbo. Tish anakumana nane pa msewu, anandilavulira pa nsapato n'kupitirira. Sindikudandaula, walira mvula walira matope. Lamulo lija linali la anthu onse, ndinalichotsa ndine chifukwa ndinkafuna chithunzi.

Ine nthawi yonseyo ndinali pa nsanja ndi kamera. Ndamva kuti a Norb atuluka m'chipatala sabata ino. Muwauze kuti ndikufuna kuwalembera koma sindikudziwa poyambira.

Mwana wanu,
Renata

Rosholt, 6 Epulo 1986

Iwe Renata,

Moni. Ndili kunyumba. Ndikuyenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba, ndipo ndikathira khofi theka limapita pa tebulo, poti diso limodzi silidziwa kutalika kwa zinthu. Ukaona mizere ikukwera phiri usaseke. Abambo mfumu anabwera kudzandiona, za kutchuka sanafunsenso.

Pasaka inadutsa. Amayi anapita ndi dengu la zakudya ku tchalitchi kukadalitsitsa monga mwa nthawi zonse, soseji, mazira, buledi, koma pa tebulo anaika mbale ziwiri. Dzina lako silikutchulidwa m'nyumba muno. Kalata yako anaisiya pa wailesi, ndiye ndaiwerenga.

Wanena zoona, koma iwe unaonera kumwamba. Ndikuuze za pansi. Jombo yoyamba ndinkayesa ngozi. Yachiwiri ndinadziwa, chifukwa ndewu ndimaidziwa ngati mmene iwe umadziwira makamera ako. Mwendo wa mmodzi unali pompa, pafupi ndi dzanja langa. Ndikanaugwira pa kakolo n'kuupotokola, bondo likanatuluka, ndipo ena onsewo akanaganiza kawiri. Anali ana, Renata, ndikanawamaliza. Dzanja linanyamuka lokha. Ndiye ndinaona nsagwada za mwana wa a Zblewski, ndinaona Amayi akukwera basi kupita kundende ndi chikhoti chawo cha ku maliro, ndinalibweza n'kuligonera. Sindinachitepo chinthu chovuta chotero chibadwire.

Kudzuka n'kuthawa ndikanatha poyamba paja. Koma unati ndisadzuke ndekha, ndiziyang'ana dzanja lako. Ndiye m'malo mobisa nkhope ndinatembenuzira mutu ku nsanja, kukufunafuna pakati pa miyendo. Ndinakuona. Unali pafupi ndi ng'oma, kamera ili pankhope. Jombo inandipeza ndikukuyang'ana.

Amayi akuti ndikuiwale. Ine sindingathe, ndiwe mlongo wanga, ndinkakubereka kumsana popita kukaona ng'ombe za a Glodowski. Anthu a m'holo aja ndilibe nawo mlandu, anauzidwa kuti magaziwo ndi manyuchi. Koma botolo la manyuchi lija sunandipatse. Unaiwala m'chipwirikiti chomanga malamba, linatsala m'thumba la jekete yako, ndinaliona likutuzumuka pamene unkakwera pa nsanja. M'holo monse muja munthu mmodzi yekha ndi amene ankadziwa kuti magaziwo ndi anga.

M'kalata yako wasimba za Tish, za Duane, za Curtis, koma za dzanja lako sunanene. Mwina unakweza ine nditakomoka kale. Mwina m'kagalasi ka kamera zinthu zimaoneka zazing'ono, sindikudziwa, sindinayang'anemo. Sindikufuna kupepesa kwako, kwandikwana kwa anthu a ku tchalitchi. Ndikufuna undiyankhe chimodzi: unasiya liti kujambula?

Norb

Rosholt, 27 Epulo 1986

Renata,

Moni. Chipale chasungunuka, anthu ayamba kubzala mbatata, a Glodowski akuti andipatsa ntchito yosankha mbewu poti imeneyo ndi ya manja. Kalata yako sinafike. Ndimapita ndekha ku bokosi Amayi asanadzuke, ndiye usaope kuti aiona. Chilichonse chimene unganene ndichilandira, koma chete ameneyu akundipweteka kuposa nthiti.

Norb

Milwaukee, 5 Meyi 1986

Achimwene,

Ndalandira makalata anu onse awiri. Ndakondwa kuti mukuyenda ndiponso kuti mwapeza chochita.

M'kagalasi muja zinthu sizioneka zazing'ono. Ndinaona zonse. Ndinaona magazi, ndipo botolo ndinkalimva m'thumba likundigunda m'nthiti. Ndinakuonani mukutembenuza mutu kundifuna. Mumtima ndinkangoti pang'ono pokha, pang'ono pokha, chifukwa sindinajambulepo chinthu chooneka bwino chotero.

Mwafunsa kuti ndinasiya liti. Sindinasiye, achimwene. Filimu ndiyo inatha m'kamera, chala changa chikadali pa batani.

Mlongo wanu,
Renata